Dzina Lowerengedwa Chobwerera

Ndinamuchenjeza mdzukulu wanga Yomna tikusenda adyo pakhonde la m'mwamba, mphepo ya kunyanja ikutiulutsira makoko m'maso.

"Mnyamata wakoyo umupatse chilichonse cha m'ndakatulo za agogo ako aamuna," ndinatero. "Umupatse Tarakh ndi chingwe chake, umupatse agalu a mchere, umupatse mzinda wa phulusa. Koma Asifan umusiye pomwe ali."

"Chifukwa chiyani, Teta?"

"Chifukwa ndanena ine."

"Inu mumaopa chilichonse. Fani ikhotetsa khosi. Sizasi ikatsegulidwa popanda chodula, m'nyumba mubuka ndewu. Dzulo mwandilanda mkaka poti ndinali nditadya nsomba."

"Ndipo lero wadzuka ndi nzeru zako zonse. Wathokoza?"

Anaseka, n'kundipsompsona pampango, n'kulowa ndi mbale ya adyo. Ndinadziwa pomwepo kuti mawu anga agwa pansi limodzi ndi makoko aja.

Malemu mwamuna wanga Kamel anali mlakatuli, Mulungu amukhululukire. Anzake ankalakatula za nyanja, za dziko, za maso a atsikana. Iye ayi. Anapeka kumwamba kwakekwake n'kuikamo anthu akeake, a mayina oti sunawamvepo mumzikiti kapena mumsika. Shehe wa m'dera lathu anamuyendera kangapo, koma Kamel ankangoti, "Ndi nthano, Shehe. Sindiwapembedza, amangondisowetsa mtendere." Ku Bahari konse kuno ankamutcha wopenga, ndipo mwana wathu Sobhi anakula akutseka makutu. Sanamvetserepo ndakatulo ya bambo ake ngakhale imodzi mpaka kumapeto. Amene anazimeza zonse ndi Yomna, mwana wa Sobhiyo, atakhala pamwendo pa agogo ake asanayambe n'sukulu yomwe.

M'nthano za Kamel, pachiyambi kunalibe thambo, kunali uvuni. Asifan ndiye ankakanda ufa ndi kuphika, ndipo mbaliwali zothetheka pamoto wake ndizo nyenyezi. Dzuwa loyamba litapsa, analitulutsa n'kulisenza paphewa lakumanzere kuti akalipachike. Linamuwotcha, n'kumusiyira chipsera chonga nsomba yopindika.

Chipsera chimenecho chili paphewa langa. Ndinapsa ndi thireyi ya buledi chaka choyamba cha ukwati. Ndipo dzinalo ndi langa. Ine sukulu sindinapiteko, zilembo sindizidziwa chopita kutsogolo, nanji chobwerera, koma Kamel anandiuza yekha: "Nafisa, dzina lako ukaliwerenga kuchokera kumapeto limati Asifan. Ndakubisa pamalo poti aliyense akuone, koma pasapezeke wokudziwa."

Ndalitchula pano chifukwa nkhaniyi singayende popanda ilo, koma nkhope yanditentha. Chibadwire mwana wanga ine ndine Umm Sobhi, mayi ake a Sobhi, basi. Dzina la mayi wa munthu silituluka pakhomo. Sobhi ali ndi dzino lobenthuka mpaka lero chifukwa mnyamata wina kusukulu anayesa kulota dzina langa pagulu, ndipo analiphonyanso.

Ndiye ndikanamuuza bwanji mdzukulu wanga? Ndakatulo za Asifan sizithera pa uvuni. Muli tsitsi lake akalimasula, muli m'chiuno mwake, muli zimene mwamuna amaona chitseko chikatsekedwa. Yomna ankaziimba akutsuka mbale, osadziwa kuti akuvula agogo ake.

* * *

Mnyamatayo dzina lake ndi Hazem. Amajambula makatuni amene achinyamata amaonera pafoni, a zombo zouluka pakati pa nyenyezi ndi anthu achitsulo. Ndinamuona koyamba ndili kuseri kwa zenera: wowonda, wamagalasi, nsapato zosapukuta, akuyang'ana kumwamba podutsa msewu. Munthu woyang'ana kumwamba podutsa msewu ndinakhalapo naye m'nyumba. Ndikudziwa mmene zimathera.

Ankatumizirana mauthenga a mawu, ndipo Yomna amakhala chipinda chimodzi ndi ine. Ankayesa kuti ndikagwira mikanda yanga yopempherera makutu amatseka.

"Yomna, tamvera," anatero Hazem m'foni tsiku lina masana. "Uvuni uja ndausandutsa injini. Dziko lapsa, anthu otsala ali m'chombo chimodzi, ndipo kaputeni wawo ndi Asifan. Akufunafuna malo oti akapachike dzuwa latsopano. Tarakh ndamupanga makina oyendetsa chombo. Amayeza mpweya wa munthu aliyense ndi chingwe chake chija, ukachepa amasankha woti aponyedwe kunja. Agogo ako anaziona zonsezi kalekale, anangosowa chitsulo."

Yomna anakanikiza foni n'kuyankha. "Sabata yonse Asifan, Asifan. Ukafunsire iyeyo."

"Iyeyo bambo ake sayenda ndi mpeni wa nsomba."

"Ndiye ukuopa?"

"Kwambiri. Koma dzulo ndinadutsa pabenchi pawo n'kuwapatsa moni."

"Anayankha?"

"Anadula mutu wa nsomba akundiyang'ana."

Anaseka mpaka kugwera pabedi. Ine ndinaika mikanda pansi.

"Wamupatsa," ndinatero.

"Pang'ono chabe, Teta."

"Ndi chipsera chomwe?"

"Chipseracho ndiye chamusangalatsa zedi." Anandiyang'ana. "Bwanji mwatuwa? Ndi shuga?"

Ndinati ndi shuga.

* * *

Sobhi sakanalola mwana wake kutuluka yekha, ndiye Yomna ankanena kuti akupita nane kokawongola miyendo m'mbali mwa nyanja. Tikafika pakhoma la miyala la kumeneko, Hazem ankapezeka ali pomwepo ngati wagwa kuchokera m'chombo chake. Tsiku limenelo anatigulira chimanga chowotcha, changa n'kuchisankha chanthete chifukwa cha mano.

"Hagga, ndifunse?" anatero, kundiitana ndi dzina laulemu la amayi achikulire. "Asifan ameneyu malemu anamuona kuti?"

"M'mutu mwake. Idya chimanga."

"Chimene chimandidabwitsa n'chakuti m'ndakatulo zonse salankhula. Tarakh amalankhula, agalu a mchere amalankhula, iye duu. Kaputeni wosalankhula sangayendetse chombo, ndiye ndinasowa pogwira. Mpaka Yomna atayamba kundiuza za inu."

Ndinasiya kutafuna.

"Za ine zotani?"

"Mmene mumachenjezera anthu. Ndamupatsa mawu anu, Hagga. Amati, musatsegule chitseko icho, musamwe madzi a pa nyenyezi yofiira, musakhulupirire makina aulemu. Anthu a m'chombo samumvera, kenaka zimawagwera. Achinyamata akuzikonda kwabasi."

"Mwatchuka, Teta," anatero Yomna akundigunda ndi chigongono.

Ndinayang'ana madzi. Mnyamata uyu anali atatenga phewa langa kwa mwamuna wanga ndi pakamwa panga kwa mdzukulu wanga, n'kuzilumikiza, osadziwa kuti zinachokera pathupi limodzi.

"Tiyeni," ndinatero. "Mphepo iyi imalowa m'mafupa."

Pobwerera anayenda kumbuyo kwanga, ndipo ndinamva akunong'onezana.

"Dzanja lako lili pafupi kwambiri."

"Likuzizidwa."

"Lili ndi thumba lake."

* * *

Panali winanso amene ankamufuna Yomna: msuweni wake Essam, mwana wa mchimwene wa mayi ake, wogulitsa mafoni pakona ya msewu wathu. Mpongozi wanga Hanan, mayi ake a Yomna, anali mbali yake. Mnyamata wonunkhira ngati sitolo ya sopo, waulemu wopitirira muyeso. Ndinkamuopa kuyambira ali wamng'ono, chifukwa ankatsina anzake akumwetulira.

Ndikuchokera kuchipatala, anandiimitsa n'kunditulutsira mpando.

"Pumulani kaye, Hagga. Mwaiona ntchito ya mkamwini wathu?"

Analoza tukutuku, kagalimoto ka matayala atatu konyamula anthu, imene inaima pafupi. Kumbuyo kwake kunamatidwa chithunzi chachikulu ngati chitseko. Mkazi wa mkono umodzi wachitsulo, tsitsi lili balala, chovala chomugwira ngati khungu. Phewa lakumanzere linali pamtunda, ndipo pamenepo chipsera chinkayaka mofiira. Nsomba yopindika, mchira cha kukhosi, ndendende.

"Matukutuku onse amumata ameneyu," anatero Essam. "Ena mpaka pagalasi lakutsogolo."

Mwini tukutukuyo anatulukira ndi kapu ya tiyi. Anapsompsona zala zake n'kuzigunditsa paphewa pa chithunzicho.

"Mkazi wanga ndi uyu, Hagga. Wa kunyumba uja n'ngongobwereka."

Amuna onse pamenepo anaseka. Ine ndinakoka mpango, n'kudzuka osatsazika. Ndinayenda chokhudza khoma mpaka kunyumba, dzanja lili paphewa ngati chovala chang'ambika. Malo amene anawaona mwamuna mmodzi yekha moyo wanga wonse, lero ankamwa utsi wa mabasi.

* * *

Sobhi anakana, anakana, koma Yomna atasiya kudya anavomera kuti a kwa Hazem abwere kudzafunsira Lachinayi. Makatuniwo sanawaonerepo. Foni yake ndi yoimbira ogula nsomba basi.

Lachitatu masana uthenga unalowa.

"Ndili ndi mphatso ya bambo ako," anatero Hazem. "Si maswiti. Ndatulukira chinthu m'dzina la Asifan chimene palibe anachionapo. Akachimva adzadziwa kuti bambo awo sanali wopenga."

"Ndiuze."

"Ayi, udzamvera limodzi ndi onse. Ndachiikanso m'gawo latsopano, lituluka mawa lomwelo."

Ndinatembenukira kwa Yomna.

"Muuze asatchule ndakatulo pamaso pa bambo ako," ndinatero.

"Teta, mwayambanso."

"Muuze. Alankhule za nyumba yomwe mudzakhalemo, za mayi ake, za nyengo."

Anakweza foni pakamwa. "Teta akuti ukatchula ndakatulo akuthira tiyi wotentha."

Yankho linabwera nthawi yomweyo, likuseka. "Uwauze ndidzangoyamikira nsomba."

Ndinamugwira dzanja. Mawu anali atafika pakhosi: Yomna, mkazi ujatu ndine. Ndinatsegula pakamwa. Iye anandiyang'ana ndi maso omwe aja a Kamel, ndipo ndinakumbukira mzere wa m'chiuno umene anauimba m'mawa womwewo akukolopa.

"Usadzavale chobiriwira chija," ndinatero. "Chimakutuwitsa."

* * *

Anafika dzuwa litangolowa. Hazem anali m'suti yomukulira. Anabwera ndi mkulu wake Ashraf, amene anaima m'malo mwa malemu bambo awo, ndi mayi awo, Umm Ashraf, mzimayi wa milomo yopyapyala amene anayang'ana makona a denga kufuna akangaude asanakhale pansi. Essam anadziitana yekha, ati wabwera kudzathandiza kunyamula mipando. Kukhichini sharbat wofiira, chakumwa cha pachinkhoswe, anali atasungunulidwa kale, kudikira kuti amuna agwirane manja ndi kuwerenga Fatiha, pemphero lomangira chinkhoswe.

Zinkayenda. Ashraf analankhula bwino. Sobhi anafunsa za nyumba, ndipo atamva kuti Hazem sasuta anagwedeza mutu. Yomna analowa ndi tiyi, maso ali pansi ngati mwana womvera. Ndinayamba kupuma.

"Ammo Sobhi," anatero Essam ali chakukhomo, kumuitana monga achinyamata amaitanira bambo wamkulu, "simunamufunse za mkazi wake woyamba."

Ashraf anatsamwa ndi tiyi.

"Ndikunena wa pa matukutuku uja, wosavala paphewa. Unamutenga kuti, m'bale wanga?"

"Essam," anatero Hanan, koma mofewa kwambiri.

Hazem anaika kapu pansi. Ndinamuyang'anitsitsa. Ndinatsokomola. Ndinagwetsa mikanda dala. Anaitola, n'kundipatsa ndi manja awiri, n'kupitiriza.

"Ndinamutenga kwa bambo anu, Ammo. Ndipo ndikufuna mudziwe kuti anthu anawalakwira. Ankati akupeka milungu. Sanapeke ayi. Asifan anali munthu wamoyo, woyenda m'misewu yomweyi."

"Bambo anga uwasiye agone," anatero Sobhi.

"Pang'ono pokha, Ammo. Dzinalo muliwerenge chobwerera. Asifan. Nafisa."

M'chipindamo munangoti zii. Iye anayesa kuti tagoma naye.

"Mwaona? Panali Nafisa wina wake. Mundikhululukire, Hagga," anatembenukira kwa ine, dzanja lili pachifuwa, "ziyenera kuti zinali zakale, asanakudziweni inu. Ine ndikuganiza kuti anali wovina wa kudoko, chifukwa mmene amufotokozera thupi, mkazi wa panyumba salembedwa motero. M'gawo la leroli kaputeni akuona dzina lake pagalasi, ndiye akuzindikira kuti kale anali munthu."

Akanadziwa bwanji? Dzina langa palibe anamuuzapo. Tinalibisa bwino kwambiri moti analiponda osaliona.

Essam ankalidziwa, poti ndiye anandilembetsera foni ndi chitupa changa. Anabisa pakamwa m'dzanja, mapewa akugwedezeka. Yomna anaima ndi thireyi, milomo ikuyenda, akuwerenga chobwerera. Atafika kumapeto, maso ake anatsika pankhope panga n'kukaima paphewa. Umm Ashraf anatsatira maso amenewo ndipo anamva zonse. Anatsina mwana wake pantchafu.

Sobhi anaimirira pang'onopang'ono, n'kukatsegula chitseko chonse.

"Mwatiwalitsira nyumba," anatero, mawu otsazikira alendo.

"Ammo, ndalakwa chiyani?"

"Ashraf, mutulutse m'bale wako ndisanalowe kukhichini."

Pamasitepe tinamva mayi ake akunong'ona, kenaka Hazem akuti, "Ayi, ayi," kenaka mbama. Sharbat uja Hanan anakamukhuthulira musinki.

* * *

Pofika m'mawa Bahari yense anali atadziwa. Aliyense wogula chaja kwa Essam ankapatsidwa nkhaniyo mwaulere.

Pansi pa nyumba yathu pali tiyirumu imene Sobhi wakhala akumwerako chiyambire kumera ndevu. Atangokhala pansi, woperekera anakuwira kukhichini kuti, "Tiyi mmodzi wa mwana wa kaputeni." Sobhi anakwera masitepe osamwa. Benchi yake ya nsomba sanaitsegule. Anakhala pampando moyang'ana khoma, ndipo akamandipatsa moni ankayang'ana mapazi anga. Mwana amene ndinamuyamwitsa, kulephera kukweza maso kufika pachibwano panga.

Azimayi a m'nyumba zoyandikana anayamba kusowa mchere onse nthawi imodzi. Ankabwera ndi tizikapu, n'kumalankhula ndi phewa langa. Wina amene takalamba naye limodzi anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Komatu Kamel ankaoneka wofatsa." Sindinatulukenso pakhonde.

Yomna analandidwa foni ndi bambo ake. Anabwera kudzakhala kumiyendo kwa bedi langa.

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndikanayamba ndi mawu ati?"

"Ndakhala ndikuziimba pamaso panu zaka zonsezi."

"Unkaimba bwino."

Anabisa nkhope m'maondo. Kenaka anati, "Ankakukondani choncho?"

"Zimenezo usandifunse."

Kafoni kanga kanalira pansi pa pilo. Nambala yanga Hazem anali nayo chiyambire maulendo a kunyanja aja. Yomna anakatsomphola ndisanatambasule dzanja.

"Ndawachotsa makatuni onse," anatero mawu osasa, "koma anthu anakopera kale. Ndapita kwa a matukutuku, akuti chithunzi n'chawo. Yomna, ndiyankhe. Ndichite chiyani?"

Yomna anakanikiza foni. "Bambo anga akulephera kutsika masitepe a nyumba yawo. Iwe ukuyenda mutu uli m'mwamba, dzina la mayi ako lili bwinobwino m'kabati. Usandifunenso mpaka udziwe mmene zimawawira."

"Usatumize," ndinatero.

"Amve."

"Yomna, mnyamata uyu mawu samawasiya ali mawu. Unamupatsa ndakatulo, yathera pa tukutuku. Ukamupatsa awa adzapita nawo kwina. Fufuta."

"Akangolira pang'ono, Teta. Palibe chimene achite."

Kafoni kanati tii, uthenga wapita.

* * *

Lachisanu la sabata yotsatira potuluka kumzikiti, anzake a Sobhi anamukokera ku tiyirumu mokakamiza, ati mwamuna sangathere m'nyumba. Ine ndi Yomna tinali kuseri kwa zenera, tikusuzumira m'mipata ya matabwa.

Hazem anatulukira pakona, tsaya likadali ndi chizindikiro cha mbama ija. Sanalowe. Anaima pakati pa msewu, pamalo poti aliyense amuone.

"Amuna inu, ndimvereni," anatero. Mawu ankamuthawa, koma anawakankha. "Ine ndinatchula dzina la mayi wolemekezeka mosadziwa, ndipo ndinawanenera zonyansa. Sindingalibweze m'kamwa. Ndiye imvani ili. Ine ndine Hazem mwana wa Badriya. Mayi anga dzina lawo ndi Badriya. Amene akufuna kuseka ayambe ndi ine."

Osewera madomino anasiya manja m'malere. Mkulu wina anati, "Mulungu atiteteze." Wa tukutuku wina anakuwa kuti, "Moni kwa Badriya," ndipo ena anaseka, koma kuseka kwake kosalimba. Pakhomo la sitolo yake Essam anali atakweza foni, akujambula.

Sobhi anamuyang'ana mnyamatayo nthawi yaitali. Kenaka anakankha mpando ndi phazi.

"Khala pansi, wopenga iwe, usanatchule ndi azakhali ako omwe."

Hazem anakhala kumphepete kwa mpando.

"Ndinakula ndi wamisala mmodzi," anatero Sobhi. "Ndimayesa Mulungu wandipumitsa." Anakweza zala ziwiri kwa woperekera, ndipo ulendo uno tiyi anabwera mwakachetechete.

Yomna anandifinya dzanja mpaka mphete kundilowa m'mnofu. "Mwaona, Teta? Mwaona?"

Ine ndinali kuyang'ana foni ya Essam.

Madzulo ake Sobhi anadya, n'kuonjezera. Anauza mkazi wake kuti, "Lachinayi abwerenso, koma azilankhula ndi mkulu wakeyo." Hanan anangotola mbale. Podzuka Sobhi anandifunsa ngati ndamwa mankhwala, ndipo anandiyang'ana kumaso.

* * *

Lachinayi silinafike. Loweruka masana chitseko chinagogodedwa, ndipo anali Umm Ashraf yekha, atavala zakuda. Mpando anaukana.

"Ndabwera kwa inu, Hagga, chifukwa inu mumva," anatero. "Ndinaika mwamuna m'manda, ndalera ana aamuna ndekha, dzina langa silinatulukepo pakhomo. Lero m'mawa wogulitsa tomato wandiitana nalo. Ashraf wamenyana ndi anthu, diso latsekeka. Alongo anga kumudzi aonera kanemayo, aimba foni kufunsa ngati m'banja mwathu amuna anatha."

"Mwana wanu anachita yekha, mayi," anatero Sobhi. "Ifenso tapsa. Tiyeni tikhale pansi."

"Yekha?"

Anatulutsa foni ya Hazem m'chikwama n'kuikanikiza. Mawu a Yomna anadzaza chipinda chonse: dzina la mayi ako lili bwinobwino m'kabati, usandifunenso mpaka udziwe mmene zimawawira. Sobhi anatembenukira mwana wake.

"Sindinamutume, mayi," anatero Yomna. "Ndinangokwiya. Sindinadziwe kuti apita nazo pamsewu."

"Sunalowe n'komwe m'nyumba mwanga, wandivula kale. Ukalowa udzanditani?" Umm Ashraf anabweza foni m'chikwama. "Ndamulumbirira Hazem kuti akakutenga, maliro anga asadzawanyamule, ndipo ndidzapita ndisanamukhululukire. Walira, wandigwira mapazi. Koma foniyi wandipatsa ndi dzanja lake."

Atafika pachitseko anandicheukira.

"Inu bola, Hagga. Wanu anakuikani kumwamba. Ine wanga wandiika pa tiyirumu."

Potsika anachita kutsamira khoma kuti apatse njira anthu amene ankakwera. Anali mayi ake a Essam, atanyamula thireyi yaikulu ya basbusa, keke imene anthu amanyamula pokafunsira mkazi, ndi bambo ake kumbuyo m'mkanjo watsopano. Hanan anali atafika kale pakhomo iwo asanagogode, ndipo anali atavala ndolo.

"Sobhi, mwana wanga," ndinayamba.

"Ayi, Mayi." Sanakweze mawu. Anayang'ana Yomna. "Dzina la agogo ako lili m'mafoni onse. Mawu akowa mawa akhala momwemo. Ndani winanso adzakwere masitepe awa?"

Yomna anawerama.

"Kasambe kumaso. Ubweretse tiyi."

Ndinadikira kuti akane, monga amandikanira ine. Anayang'ana kafoni kanga patebulo. Sikanalire. Alendo anali akuvula kale nsapato, mayi ake a Essam akuyamikira makatani. Yomna analowa kukhichini, ndipo ndinamva akutsegula mpopi.